Pemphero la Awiske Selina

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa. Zaka ziwiri zoyambirira ndinkadana nawo a Shadrick Longwe, ndipo chifukwa chake chinali pemphero.

Tinafika ku Mzuzu mu 1998 kuchokera ku Ntcheu, ine, mwamuna wanga amene ankayendetsa lole, ndi mwana wathu Tina ali kumsana. Nyumba imene tinapeza ku Zolozolo inali imodzi yogawa pakati, mbali ino ife, mbali inayo banja la a Longwe. Khoma lotilekanitsa silinkafika kudenga, siling'i munalibe. Wina akayetsemula uko, kuno tinkati pepani. Ndiye faifi koloko m'mawa, kuzizira kwa kuno kuja kolowa mpaka m'mafupa, iwe wadzikulunga m'bulangeti, umangomva mawu ngati a munthu woitana mnzake kutsidya kwa dambo: "Dada withu wakuchanya, tawuka. Yewo chomene."

Akatero ndiye kuti tulo tatha. A Longwe anali Mtonga wa ku Chintheche, akazi awo a Eness anali a ku Nkhotakota, choncho m'nyumbamo munkayenda Chichewa chothira Chitumbuka cha m'tauni muno. Pempherolo silinkasintha. Akathokoza chifukwa cha kudzuka, ankayamba ana, mmodzimmodzi, mwa ukulu wawo. "Mumuyang'anire Selina, mwana wanga woyamba. Mumuyang'anire Joel. Mumuyang'anire Esme, Luntha, ndi Glory mzime wanga." Kenako a Eness. Kenako, "Mukumbukire akulu anga a Davie ku Chintheche ndi mawondo awo ovuta aja." Akachoka pamenepo ankapita kwa odwala, akaidi, ana olemba mayeso ndi onse oyenda pa msewu wa ku Chikangawa. Si ife tokha tinkamva. Nyumba za ku Zolozolo n'zothithikana, ndipo mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi ankadzuka ndi pemphero limenelo, kufuna kaya kusafuna.

Ndikulemba izi chifukwa tsiku loika maliro awo, mwana mmodzi anatsala pang'ono kuchotsedwa pa mndandanda umenewu, ndipo anali woyamba yemweyo.

Ine ndine telala, ndimasoka mayunifomu a ana a sukulu pakhonde, ndipo sindibisa kuti tulo ndimatikonda. Mtima wanganso ndi wapachala. Tsiku lina, Tina atandisowetsa mtendere ndi mano, pemphero lija litangoyamba ndinatenga chipande n'kumenya khoma katatu. Kunachita zii pang'ono, kenako anapitiriza ngati palibe chachitika. M'mawa mwake ndinamvetsera ndili wokonzeka kumenyanso. Atamaliza za a Davie ndi mawondo awo, ndinamva akuti, "Mukumbukirenso anyina Tina a kuseri kwa khomali, amene tawadzutsa. Muwapatse mtima wofatsa." Manyazi anandigwira, mwamuna wanga akuseka m'bulangeti mpaka kutsokomola. Kuyambira tsiku limenelo sanandichotsemo. Zaka makumi awiri ndi zinayi ndinatchulidwa kwa Mulungu m'mawa uliwonse, ndipo mtima wofatsawo mpaka lero ndikuudikirabe.

Ntchito yawo inali yokonza maambulera. Ali mnyamata ankagwira ku esiteti ya tiyi ku Nkhata Bay, koma atabwera ku Mzuzu mu 1990 anaona kuti mvula ya kuno sidziwa kalendala, ndipo anakhazika benchi yawo pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika waukulu. Zida zawo zinali pulayala, singano, ulusi wakuda ndi chitini chodzaza timawaya. Nyengo ya dzuwa ankasoka nsapato. Ambulera yoti wina aliyense akanaitaya kudzala, iwo ankaitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti, "Iyi ikadali ndi moyo." Vuto lake, zimene zinalibedi moyo ankabwera nazonso kunyumba. Pansi pa bedi, pamwamba pa kabati, kuseri kwa chitseko, ponseponse panali mafupa a maambulera, ndipo a Eness anadandaula mpaka anatopa. Analinso munthu wosamva zake. Kutchalitchi ankaimba mokweza kuposa aliyense, koma nyimbo ikamapita kumpoto iwo ankalowera kumwera. Anali dikoni, wofika woyamba kudzatsegula mawindo ndi kupukuta mabenchi. Udindo woposa pamenepo anaukana kawiri, ati zolankhula pagulu sazitha. Munthu wodzutsa Zolozolo yense!

Pa benchi yomweyo ana onse asanu anaphunzira. Za sukulu sankaseka nazo. Mwana akati mutu ukuwawa, iwo ankamugwira pamphumi n'kunena kuti, "Ukawawire m'kalasi." Mvula ikamagwa, ana a a Longwe ankadziwika patali, aliyense ndi ambulera yake ya zigamba zamitundumitundu, yonyansa koma yosadontha.

Dzina loti Shadrick ndinalidziwa mochedwa, chifukwa kuno munthu amaitanidwa ndi dzina la mwana wake woyamba. Kumsika, kutchalitchi, pa siteji ya minibasi, aliyense ankati awiske Selina, kutanthauza bambo a Selina. Ndinatha chaka chathunthu ndisakudziwa kuti Selina sanali wobereka iwo. Anandiuza ndi a Eness tsiku lina tikuchapa. Bambo ake omubereka anapita ku Joni mwanayo asanabadwe, ndipo sanabwerenso, ngakhale kalata. A Longwe anakumana ndi a Eness ku esiteti, Selina ali ndi zaka ziwiri. Kwawo ku Chintheche sanasangalale nazo, makamaka akulu awo a Davie, amene anati mnyamata wabwinobwino sangayambe banja ndi mwana wa mwini. A Longwe sanakangane ndi munthu. Anakwatira, n'kukamulembetsa mwanayo kusukulu kuti Selina Longwe. Joel atabadwa, achibale anabwera kudzaona mwana n'kuyamba kuwaitana kuti bambo a Joel. Iwo ankangoyang'ana kumbali ngati akuitanidwa ndi wina. Atawafunsa, anati, "Amenewo sindikuwadziwa. Muno muli awiske Selina."

Chimene ndinaona ndi maso anga chinachitika Selina ali Fomu 1. Mlendo wina wochokera kumudzi, pakamwa posatseka, anamuuza mwanayo zonse. Selina anathawira kwanga, n'kukhala pansi pafupi ndi makina anga, akulira mosatulutsa mawu. A Longwe atabwera kuchokera kuntchito, atanyowa chifukwa ambulera yawo anali atabwereka munthu, anagogoda kwanga n'kukhala pa mpando wa makasitomala. Sanamunyengerere, sanamunamize.

"Wamva zoona, mwana wanga," anatero. "Koma tandiuza, m'tauni muno amanditchula kuti ndani?"

"Awiske Selina," anayankha ali chiweramire.

"Sono iwe ukachoka, ine ndikhala awiske ndani? Ukufuna ndiyambe kufunafuna dzina ndi imvi zimenezi? Tiye kunyumba, amama ako akudandaula."

Nkhani inathera pomwepo. Selina anamaliza sukulu, lero ndi mphunzitsi ku Luwinga, ali ndi banja lake ku Msongwe. Pa ukwati wake amene anamugwira dzanja kulowa naye m'tchalitchi anali iwowo, atavala jekete yobwereka yaikulu mapewa, imene ndinachita kuipinda manja ndine.

Mwamuna wanga atamwalira pa ngozi mu 2009, ndinakhala miyezi ndisakutha kupemphera. Ndinali nditamukwiyira Mulungu, ndipo sindinkafuna kumva za Iye. Koma khoma lija silinkafika kudenga. M'mawa uliwonse dzina langa ndi la Tina linkadutsa pamwamba pake kupita kumene linkapita, ine ndili chigonere, nditakukuta mano. A Longwe sanabwerepo kudzandilalikira. Ankangobwera Loweruka kudzaona ngati denga likudontha. Tsiku limene ndinabwerera kutchalitchi n'kuvalanso yunifomu ya Umanyano, gulu la amayi a mumpingo, iwo anali pakhomo ndi kansalu kawo kopukutira mabenchi. Anangoti, "Monile, anyina Tina," ngati ndinali komweko sabata yatha.

Anatisiya mu Juni chaka chatha. Chinali chibayo. Anakana kupita kuchipatala masiku anayi, ati ndi chimfine wamba, ndipo pamene anavomera zinthu zinali zitafika kale poipa. Amene anakhala nawo m'chipatala sabata yonseyo, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala, anali Selina. Malaya oyera amene anawaveka m'bokosi anachapa ndi kusita ndi iyeyo. A Longwe anali atanena kale kuti adzaikidwe konkuno, kumene kuli mpingo wawo, choncho achibale a ku Chintheche anabwera pa lole, a Davie ali kutsogolo ndi ndodo yawo.

M'mawa wa tsiku loika, a Davie anapempha malo opanda phokoso oti alembe mbiri ya malemu. Joel anawabweretsa pakhonde panga, pa tebulo limene ndimadulirapo nsalu. Anali mkulu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu, kalaliki wopuma, wolemba zilembo zoongoka ngati zosindikiza. Ndikuwaikira tiyi, maso anga anagwera pa pepala. Sindinachitire mwangozi, ndinasuzumira dala. Panalembedwa kuti malemu asiya mkazi ndi ana anayi, woyamba Joel.

Ndinagwada monga mwa ulemu, koma mawu anga sanagwade.

"Pepani bambo, apa mwalakwitsa. Ana alipo asanu."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mama, inu ndinu a kuchimuna kapena a kuchikazi?"

"Ndine wa kuseri kwa khoma."

"Ndiye yewo chomene chifukwa cha tiyi."

Ndinakhalabe pomwepo. Ataona kuti sindikusuntha, anaika cholembera pansi n'kulankhula mofatsa, ndipo ndivomere kuti sanalankhule ngati munthu wankhanza.

"Mama, mbiri imawerengedwa pamaso pa Mulungu, bokosi lili pomwepo. Sitinama pamenepo. Mtsikana uja mng'ono wanga anamulera bwino, sitikukana, ndipo ndalemba m'munsimu kuti analeranso mwana wa mkazi wake. Koma ali ndi mtundu wake. Nkhata ya ana akaika anayiwo, iye adzaika pamodzi ndi achibale ena. Ndi mmene timachitira."

Ndinayang'ana Joel. Anali ataweramitsa mutu, akukanda tebulo ndi chikhadabo. Sindimuweruza. Bambo ako ali m'bokosi, abambo aakulu alankhula, iwe ungatsegule pakamwa? A Eness anali m'nyumba pafupi ndi bokosi, atafunda chitenje kumutu, ndipo namfedwa salowerera zokambirana za amuna. Panalibe woti aimirire.

Selina ndinamupeza kuseri, akutsuka makapu ndi amayi ena, ntchito yoti mwana wa malemu sayenera kugwira tsiku lotero. Nkhani inali itamupeza kale, ndipo anali atadzichotsa yekha m'nyumba.

"Anti, zisiyeni," anatero. "Tisakangane pamaliro a adada. Ine ndikudziwa, iwonso ankadziwa. Zakwana."

Ankanena zimenezo akutsuka kapu imodzi yomweyo, yoyera kale. Ndinamugwira pamkono n'kumukokera m'nyumba, n'kumukhazika pafupi ndi amayi ake. Mtima wanga unkawira. Ndinkafuna kutuluka panja n'kukalalata pamaso pa abusa ndi anthu onse, koma ndinadziwa kuti ndikatero ndinyozetsa maliro a munthu amene sanakanganepo ndi aliyense, ndipo wovulala kwambiri akhala Selina yemweyo.

Nthawi yotulutsa bokosi inakwana. Mwambo wathu ndi woti amayi a Umanyano, amene akhala akuimba m'nyumba, apereke pemphero lomaliza amuna asananyamule. Mtsogoleri wathu, a NyaGondwe, amene nyumba yawo ili kuseri kwa yathu, anayang'ana uku ndi uku n'kunena kuti, "Anyina Tina, tipempherereni." Mpaka lero sindidziwa ngati anachitira dala. Ndikawafunsa amangoseka.

Ndikanakonda kunena kuti unali Mzimu wokha umene unanditsogolera, koma theka lake unali mkwiyo. Ndinatseka maso n'kuyamba ndi mawu anga, koma sanapite patali, anandithera. Amuna onyamula bokosi anali ataima pakhomo, a Davie ali pakati pawo ndi pepala lawo m'manja. Ndiye pakamwa panga panatuluka mawu okhawo amene ndinkawadziwa bwino kuposa anga, m'Chitumbuka changa chopotoka cha ku Ntcheu.

"Dada withu wakuchanya, tawuka. Yewo chomene."

Ndinamva a Eness akukoka mpweya. Ndinapitiriza mmene ankanenera eni ake, osasintha ngakhale liwu limodzi.

"Mumuyang'anire Selina, mwana wanga woyamba."

Pofika pa Joel sindinalinso ndekha. A NyaGondwe analowa, kenako amayi a nyumba zoyandikana, kenako ana a malemu. Pofika pa Esme ndi Luntha, ngakhale anyamata amene anaima panja pa windo, amene anakula akudzutsidwa ndi pemphero limeneli n'kumalitukwana chamumtima, ankanena nawo. Palibe anaphunzitsa mnzake. Tonse tinkalidziwa ngati mmene mwana amadziwira njira ya kwawo. Tinatchula Glory, tinatchula a Eness, ndipo nyumba yonse inanena pamodzi:

"Mukumbukire akulu anga a Davie ku Chintheche ndi mawondo awo ovuta aja."

Pakhomo panamveka ndodo ikugwa pa simenti. Sindinatsegule maso. Mzere wotsatira unali wanga, ndipo ndinalephera. Misozi inangoti chuchuchu. Anthu anandidikira. Kenako pafupi ndi bokosi panamveka mawu a Selina, osasa koma omveka: "Mukumbukirenso anyina Tina a kuseri kwa khomali, amene tawadzutsa. Muwapatse mtima wofatsa." Ena anaseka akulira. Selina ndiye anatsiriza pemphero lonse, odwala, akaidi, ana a mayeso, mpaka oyenda pa msewu wa ku Chikangawa.

Bokosi litatuluka, ndinapeza a Davie atakhala pa mpando pakhonde panga, wina atawatolera ndodo. Anandikodola.

"Mama, mng'ono wangayu anayamba liti kunditchula?"

"Ine ndinapeza akukutchulani kale mu 1998, bambo. Sanadumphepo tsiku."

Anatembenuka n'kuyang'ana khoma. Pa zaka zonsezo anali atagona m'nyumba ya mng'ono wawo mwina kawiri, ndipo kawiri konseko, a Eness anandiuza pambuyo pake, anyamata ankawaperekeza kudepoti kusanache kuti akapeze basi yoyamba. Pempherolo anali asanalimvepo.

"Ndipo mtsikanayu amayamba ndi iyeyo masiku onse?"

"Masiku onse."

"Pamaso pa Mulungu," anatero, osati kwa ine. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa cholembera.

Mwambo unachitikira pabwalo, kamvula kakuwaza. Anthu anatambasula maambulera, ndipo ndikayang'ana ndinkaona zigamba za ulusi wakuda paliponse. A Davie anaimirira Joel atawagwira mkono. Anawerenga za kubadwa, za ku esiteti, za ubatizo, za udikoni. Atafika pa ana anaima, n'kuchotsa magalasi.

"Awiske Selina asiya mkazi ndi ana asanu," anatero. "Woyamba Selina."

Aka kanali koyamba kuti munthu wa ku Chintheche awatchule dzina limenelo. Kumanda, ataitana nkhata ya ana, Selina anatsogola, ang'ono ake anayi ali pambuyo mwa ukulu wawo. Atagwada pa mtumbira analira kulira kumene anakusunga tsiku lonse, akuitana adada, adada, ndipo amene anawerama ndi mawondo ovutawo kumudzutsa anali a Davie.

Anthu atabalalika ndi achibale atabwerera kwawo, a Eness anatsala ndi Glory m'nyumbamo. Maambulera aja anakana kuti atayidwe, onse akadali pansi pa bedi. Ine ndinkadzuka faifi koloko ndekha, popanda wondidzutsa, n'kumangoyang'ana kudenga. Chete ameneyo ankandipweteka kuposa phokoso limene ndinkadana nalo kale lija. Ndinawasowa a Longwe, ndipo ndimawasowabe.

Patatha sabata ziwiri ndinalephera kupirira. Ndinakhala pabedi n'kuyamba kunena pemphero lija chapansipansi, kuopa kusokoneza anamfedwa. Ndinali nditangofika pa Joel pamene khoma linagunda katatu. Ndinasiya, ndikuganiza kuti ndawakhumudwitsa.

"Anyina Tina," anatero a Eness kuseri kwa khoma, "kwezani mawu. Kuno sitikumva."